Maulendo Amene Sitinkalemba

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene atsibweni anu a Fanuwelo anakhalira zaka zinayi osaponda pakhomo pathu, ndipo ine ndinkangokuyankhani kuti zimenezo n'za akuluakulu. Lero nanunso ndinu akuluakulu, ine ndapuma pantchito, ndipo chonamizira chandithera. Ndisanagwire cholembera ndinapita kukapempha chilolezo kwa atsibweni anuwo, pa chifukwa chimene mudzachione kumapeto. Anaseka n'kunena kuti, "Lembani, achemwali. Inu osalemba mumadwala." Koma nkhaniyi siyambira pa iwo. Iyambira pa ntchito yanga.

Zaka zitatu za ku City Centre

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata pa kampani ina yogulitsa mipando ndi makabati a m'maofesi ku City Centre. Makina ake anali aja achitsulo, olira ngati ukusinja, ndipo kalata iliyonse inkafuna mapepala atatu ndi kaboni pakati. Mkulu wathu anali mayi wina wamtali wosadziwa kuseka, amene ankayeza m'mphepete mwa kalata ndi lula. Ukalakwitsa chilembo chimodzi sankakalipa ayi, ankangokubwezera pepalalo n'kunena kuti, "Chimene walemba chimakutsatira, mtsikana." Ndinkamuda kwambiri mayi ameneyo, ndipo ndimavomera lero kuti ndiye anandiphunzitsa ntchito. Kampaniyo itatsekedwa ndinakhala pakhomo miyezi isanu ndi umodzi, mpaka mnzanga wa kutchalitchi atandiuza kuti ku Area 2, kwa Amwenye ena a holoselo, akufuna munthu wodziwa kulemba bwino.

Chaka changa choyamba ku Area 2

Inali sitolo yaikulu yogulitsa shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, machesi ndi makandulo kwa eni magolosale. Kumbuyo kwake kunali bwalo kumene kunkaima malole asanu, ndipo ine anandipatsa kachipinda kokhala ndi zenera loyang'ana pabwalopo. Ntchito yanga inali buku la magalimoto, buku lalikulu lachikuto chakuda. Tsiku lililonse ndinkalembamo lole, dalaivala wake, kumene yapita, masitolo amene yatsitsako katundu ndi nthawi imene yabwerera. Malolewo ankapita ku Mitundu, ku Nathenje, ku Nsundwe, ku Lumbadzi ndi ku Kasiya. Lole ikawonongeka ndinkalemba kuti "galaji".

Mwini sitoloyo anali Bwana Yusufu, bambo wamfupi wovala kofia yoyera, wobadwira konkuno ndipo Chichewa chake chinali chokoma kuposa cha ena a ife. Koma kuumira! Envulopu yobwera ndi kalata ankaitembenuza kuti igwirenso ntchito. Chingwe chomangira makatoni ankachimasula ndi zala, osadula. Ankadziwa pamtima kuchuluka kwa mabelo a shuga otsala m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo ukamuuza nambala yolakwika ankangokuyang'ana mpaka iwe mwini udzikonze.

N'chifukwa chake ndinadabwa tsiku limene mlonda wathu anataya mayi ake. M'mawa womwewo Bwana Yusufu anaitana a Mbewe, dalaivala wamkulu pa onse, n'kuwauza kuti atsitse katundu amene anali atapakira kale, akatenge thupi kuchipatala n'kupita nalo ku Kasiya. Ine ndinatsegula buku n'kuyamba kulemba. Ndinali nditangolemba chilembo choyamba cha mawu akuti maliro pamene dzanja la Bwana Yusufu linagwa patsambalo.

"Mayi Nankhoma, zimenezo ayi. Ikani kamzere basi."

"Koma lole yatuluka, bwana. Mafuta apita."

"Ndikudziwa. Za maliro sitilemba. Mukalemba lero, mawa wina adzawerenga, ndipo akawerenga adzayamba kudandaula. Ikani kamzere."

Ndinaika kamzere. Kuyambira tsikulo ndinadziwa kuti pasitolopo pali lamulo losalembedwa paliponse: wantchito aliyense akaferedwa kholo, mkazi, mwamuna kapena mwana, lole inkapita, ndipo m'buku munkangokhala kamzere. Ndipo nthawi zonse wopita anali a Mbewe. Madalaivala ena ankayendetsa maliro ngati akuyendetsa shuga, kufika n'kutsitsa bokosi n'kuyamba kuliza hutala. A Mbewe ankamanga nthambi zaziwisi kutsogolo kwa lole, kuzimitsa wailesi, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti amayi oimba kumbuyo asagundane mitu. Sankamwa mowa, ankadziwa njira za kumidzi yonse, ndipo sankabwerera mwambo wa kumanda usanathe. Akagona kusiwa masiku awiri, m'buku munkakhala timizere tiwiri.

Chaka chimene bambo anu anamwalira

Munali aang'ono, sindikudziwa ngati mukukumbukira ulendo uja. Inali nyengo ya mvula, ndipo kwawo kwa bambo anu, kupyola Nsundwe, msewu unali utasanduka phala. Titafika padambo lina lole inatitimira mpaka matayala akumbuyo osaoneka. Ine ndinali kutsogolo, ndipo ndinafuna kutsika, sindikudziwa kuti ndikachite chiyani. A Mbewe anagwira chitseko n'kunena kuti, "Musatsike, mayi. Abambo afika kwawo lero lomwe." Anavula nsapato, anakwinya buluku, anabwereka khasu panyumba ina yapafupi n'kuyamba kukumba matope. Amuna anatsika kukankha, ndipo pakati pawo panali mlongo wanga Fanuwelo, atsibweni anuwo. Tinafika dzuwa lisanalowe.

Nditabwerera kuntchito patapita masabata awiri ndinatsegula buku lija. Pa masiku a maliro a bambo anu, pamzere wa a Mbewe, panali timizere tiwiri tolembedwa ndi dzanja la Bwana Yusufu. Ndinatseka zenera n'kulira, ndipo palibe amene anandigogodera.

Chaka chomwecho ndinamupezera Fanuwelo ntchito pasitolopo. Anali atatopa ndi maminibasi, ndipo ine ndinkafuna munthu wanga pafupi. Ndinachita kuwagwadira Bwana Yusufu. Fanuwelo anali dalaivala wabwino pamsewu ndipo katundu sankasowa m'manja mwake, koma pakamwa! Sitolo iliyonse imene watsitsa katundu ankayenera kumva za mpira, za ndale ndi za amene wakwatira. Anzake akafika masitolo asanu ndi atatu iye ankafika asanu ndi limodzi, n'kubwera ndi nkhani zokwana mlungu wonse. Koma ndi yemweyo amene anakuleraninso. Ndi amene ankapita kusukulu kwanu aphunzitsi akaitana kholo, ndipo denga lathu litasasuka ndi mphepo anabwera yekha ndi misomali.

Chaka cha kompyuta

Bwana Yusufu anali ndi mwana wamwamuna, Imran, amene ndinamudziwa akadali kamwana koba maswiti m'makatoni n'kumabisala pansi pa tebulo langa. Anapita kukaphunzira kunja n'kubwerako ndi ndevu, digiri ndi makompyuta atatu. Ankandiitanabe kuti Anti. Tsiku limene anaika kompyuta patebulo langa ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinkaiopa kuigwira ngati mbale ya eni ake. Ndinaganiza kuti ntchito yandithera.

"Anti, inu mumatayipa kuposa ine," anatero. "Chatsala n'kungokuonetsani timabokosi."

Timabokosi take n'timene kuofesi timati sipuredishiti: tsamba lodzaza mizere yopingasa ndi yotsika, mmene umalembamo manambala, n'kuuza kompyuta kuti iwaphatikize, iwagawe kapena iwasanje. Malangizo amene umaipatsawo amatchedwa fomula. Masana aliwonse kwa miyezi itatu Imran ankakhala pambali panga, ndipo ndiyenera kunena kuti anali woleza mtima kuposa mayi wa lula uja. Tsiku limene fomula yanga yoyamba inagwira ntchito ndinakuwa mpaka onyamula katundu anathamangira pazenera, akuyesa kuti ndaona njoka.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi yodandaula za makina. Ine ndinaikonda ntchito imeneyo, ndipo ndimaikondabe. Zinthu zimene zinabisala m'mabuku kwa zaka zinayamba kuonekera poyera. Tinaona kuti Lachiwiri lililonse malole awiri ankapita njira ya ku Mitundu, onse osadzaza, chifukwa palibe amene anayikapo masamba awiriwo pamodzi. Tinaona kuti shuga amathamanga anthu akagulitsa fodya, ndipo tinayamba kuitanitsa nthawi isanakwane. Ndinakonza tsamba limene katundu akatsala pang'ono, dzina lake linkasanduka lofiira lokha. Kenako ndinaphunzira kuiuza kompyuta kuti iloweze ntchito yonse ya kumapeto kwa mwezi, moti chimene chinkanditengera masiku atatu chinkatha ndikangodina batani limodzi, madzi a tiyi asanawire. Bwana Yusufu ankaima kumbuyo kwanga manja ali kumbuyo, n'kumayerekeza nambala ya pakompyuta ndi ya m'mutu mwawo. Zikagwirizana ankachoka osanena kanthu. Imran ndiye ankakonda kunena kuti, "Manambala alibe m'bale, Anti," ndipo ine ndinkavomera ndi mtima wonse. Ndinali nditayamba kudzimva, sindibisa.

Kenako anandipempha kuti ndilowetse mukompyuta mabuku onse akale a magalimoto. Ndinatayipa tsamba ndi tsamba, ndipo pamene panali kamzere ndinaikanso kamzere. Koma fomula yowerengera masitolo amene dalaivala wafika inkakana timizereto. Inkafuna nambala, ndipo m'malo mwa yankho inkangotulutsa timawu tosonyeza kuti pali vuto. Linali Lachisanu, ndinali nditatopa, ndipo ndinali nditangophunzira kumene njira yosinthira chinthu chimodzi paliponse nthawi imodzi. Ndinauza kompyuta kuti paliponse pamene pali kamzere iike ziro. Inachita zimenezo m'kuphethira kwa diso, fomula inagwira ntchito, ndipo ndinakondwa. Sindinafunse munthu aliyense. Sindinaganize n'komwe kuti ziro amatanthauza kuti munthu anabwera kuntchito, anapatsidwa lole, koma sanafike sitolo ngakhale imodzi. Kuchokera pamenepo maliro akachitika, m'buku ndinkaika kamzere, mukompyuta ziro, mwachizolowezi.

Chaka chosowa mafuta

Zinthu ziwiri zinagwa pamodzi. Bwana Yusufu anadwala sitiroko n'kufa mbali imodzi, ndipo anasiya kubwera kusitolo. Mafuta a galimoto nawo anasowa m'dziko muno. Malole athu ankatha masiku ali pamzere kumalo omwetsera, madalaivala akusewera bawo m'mphepete mwa msewu. Imran anawonda. Lachinayi lina anabwera m'kachipinda kanga n'kutseka chitseko.

"Anti, sitingathe kusunga malole asanu. Ndikugulitsa imodzi, ndiye dalaivala mmodzi achoka. Sindikufuna kusankha ndi nkhope. Ndisanjireni onse asanu, tione amene amafika masitolo ochepa patsiku. Lolemba ndimupatsa kalata."

Inali ntchito ya batani limodzi. Ndinadina, mayina anasanjika, ndipo dzina la pansi penipeni linasanduka lofiira. Linali la a Mbewe. Pamwamba pake pang'ono, wachiwiri kuchokera pansi, panali Fanuwelo.

"A Mbewe?" anatero Imran, akukanda ndevu. "Ndimayesa ndi olimbikira. Kaya ndi ukalamba. Koma manambala alibe m'bale."

Iye ankadziwa kuti bambo ake amabwereketsa lole pamaliro, koma sankadziwa kuti zimachitika kangati, ndiponso kuti wopita ndi munthu mmodzi yekhayekha. Ine ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika. Maziro anga aja ndiwo anawakokera a Mbewe pansi. Ndinadziwanso chinthu chachiwiri: ndikachotsa mazirowo, a Mbewe akwera, ndipo wofiira akhala mlongo wanga. Imran anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinati ndilibe.

Ndinapita kunyumba ndi chifukwa chabwino kwambiri chokhalira chete. Kodi si Bwana Yusufu amene anati za maliro sitilemba? Ndine yani kuti ndiphwanye lamulo la mwini sitolo, iwo ali chigonere? Komanso ana a a Mbewe anali atakula, pamene a Fanuwelo anali kusukulu onse anayi. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndinadziuza zimenezi kambirimbiri, ndipo zinkamveka bwino mpaka Lachisanu m'mawa, pamene a Mbewe anabwera pazenera kudzatenga makiyi.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Nkhope yagwa bwanji lero? Ana ali bwino kunyumba?"

Ndinawapatsa makiyi osawayang'ana m'maso. Ndinkangoona mapazi awo m'matope a padambo paja.

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka ku City Centre, n'kuyenda wapansi kulowa ku Area 12 kumene Bwana Yusufu ankakhala. Kumeneko munthu woyenda wapansi amaoneka ngati wasochera, mipanda yokhayokha ndi agalu. Mlonda anandiimika pageti nthawi yaitali, mpaka mayi a m'nyumbamo atandizindikira. Ndinawapeza Bwana Yusufu pakhonde, ali pampando wa matayala, bulangeti pamiyendo, akuyang'ana wantchito akuthirira maluwa. Ndikuganiza kuti ankawerenga zidebe za madzi. Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, za timizere, za maziro, za dzina lofiira, ndi za Fanuwelo. Kunena zoona, ndinapita kumeneko ndikuyembekeza kuti andiletsa, kuti mlandu ukhale wawo.

Anatembenukira kwa ine. Mawu ankatuluka movuta, mbali imodzi ya pakamwa.

"Ndinati musalembe kuti tisadandaule. Sindinati Mbewe alipire."

"Ndiye ndilembe, bwana?"

"Ine sindikuuzani. Buku ndi lanu. Mlongo ndi wanu." Anapuma pang'ono, kenako anati, "Koma mukalemba, awerenga. Ndinakuuzani kale."

Ndinatuluka pageti paja ndili wokwiya. Ndinabwera kudzatula katundu, ndipo anandisenzetsanso yemweyo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kwa Fanuwelo. Sindinafune kuti adzamve kwa munthu wina. Ndinamupeza akukonza njinga ya mwana wake, ndipo akazi ake, alamu anga, anali akutiyalira mphasa. Nditamaliza kufotokoza anaika sipanala pansi.

"Achemwali, inu ndi amene munandilowetsa ntchito. Ndiye mukufuna mundichotsenso nokha?"

"Sindikukuchotsa, Fanuwelo. Ndikukonza chimene ndinalakwitsa."

"Ndani wakufunsani? Bwana wakhutira, kompyuta yanena. Ine sindikukupemphani kuti muname. Ingokhalani chete basi."

"Kukhala chete kwake ndi bodza lomwelo."

"A Mbewe ana awo akugwira ntchito. Anga awa, mukuwaona? Adzadya chilungamo chanucho?"

Ndinangonena kuti, "Munthu uja anakumba matope kuti alamu ako afike kwawo. Masiku awiri amenewo ndinawalemba ziro, ine ndi dzanja langali."

"Ndinalipo," anatero. "Ndinakankha nawo lole. Kapena zanga sizinalembedwenso?"

Alamu anga anapinda mphasa ija n'kulowa nayo m'nyumba. Ndinadziperekeza ndekha.

Lolemba ndinafika Imran asanafike. Ndinatsitsa mabuku akale onse, ndinawonjezera mzere wotsika watsopano patsamba lija n'kuulemba pamwamba kuti "Maliro", ndipo kamzere kalikonse ka m'buku ndinakabwezera pamalo pake. Ndinasintha fomula kuti masiku amenewo asawerengedwe ngati masiku operekera katundu. Imran atalowa, kalata ya a Mbewe ili kale m'manja, ndinamuuza kuti akhale pansi.

"Bwana, tsamba lija linali lolakwika, ndipo wolakwitsa ndine."

Ndinamuonetsa timizere ta m'mabuku, tina tolembedwa ndi bambo ake. Ndinamutchulira eni ake amene ndinkawakumbukira: aka ndi mayi a mlonda, aka ndi mwana wa wonyamula katundu, iti tiwiri ndi amuna anga. Kenako ndinadina batani. A Mbewe anakwera mpaka pachiwiri kuchokera pamwamba. Dzina la Fanuwelo linatsika n'kufiira.

"Anti, uyu si mlongo wanu?"

"Ndi mlongo wanga."

Ulendo uno mawu ake aja a manambala sanawanene. Ndinamupempha kuti amupezere malo ena, ngakhale kosungira katundu. Anati ayesa, koma malo kunalibe, ndipo ndinkadziwa kuti kulibe. Anang'amba kalata ya a Mbewe n'kundiuza kuti yatsopanoyo alemba yekha, ine ndisatayipe. Ndinamuthokoza pa chimenecho. Koma asanatuluke anabwerera pakompyuta, n'kuyendetsa chala pa mzere watsopano uja kuchokera pamwamba mpaka pansi. Milomo yake inkanong'ona manambala.

"Masiku onsewa?" anafunsa.

Anali atayamba kuwerenga.

Zaka zinayi zotsatira

Fanuwelo anachoka kumapeto kwa mwezi osanditsanzika. Anavutika pafupifupi chaka, mwana wake wamkulu anaima sukulu teremu imodzi, ndipo zimene ndinkatumiza zinkabwezedwa. Kenako ndinamva kuti wapeza ntchito yoyendetsa lole ya mchenga kwa munthu wina womanga nyumba. Kumudzi nkhani inafika yakuti Nankhoma anagulitsa mlongo wake kwa Amwenye, ndipo agogo anu, mayi anga, anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Kodi makinawo ndi amene unayamwa nawo bere limodzi?" A Mbewe anagwira ntchito mpaka kupuma bwinobwino. Sanadziwe kuti dzina lawo linafiirapo, ndipo ine sindinawauze.

Bwana Yusufu anamwalira chaka chotsatira n'kuikidwa tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo. Patangopita miyezi ingapo, Imran anandipempha chithunzi cha mizati chosonyeza masiku amene lole imathera kumaliro chaka chilichonse. Chinali chosavuta kukonza, poti mzere unalipo kale, ndipo woukonza ndinali ine. Mwezi womwewo panatuluka lamulo latsopano lakuti lole ya kampani sidzanyamulanso maliro, ndipo woferedwa azilandira envulopu ya chipepeso akapeze yekha galimoto. Sindimunena Imran kuti anali woipa. Mafuta anali ovuta, malole anali anayi, ndipo envulopuyo sankaichedwetsa. Koma chikalata cholengeza lamulolo ndinatayipa ndine, ndipo ndikutayipa ndinkamva mawu a bambo ake m'khutu.

Iwe Tadala, amene umakhalira makompyuta tsiku lonse kuntchito kwako, ndimakumva ukunena kuti makina salakwa. Ukunena zoona. Kompyuta ija sinaname ngakhale kamodzi, inangobweza chimene ndinaipatsa. Ine ndi amene ndinasandutsa kamzere kukhala ziro chifukwa ndinkafuna kuweruka msanga. Ndimadzifunsabe ngati ndinachita bwino Lolemba lija. Ndinapulumutsa munthu mmodzi amene sanalakwe, ndinataya mlongo wanga, ndipo ndinapha mwambo umene unanyamula bambo anu. Masiku ena ndimati ndikanachitanso chimodzimodzi. Masiku ena sindidziwa.

Agogo anu anamwalira m'chaka chachinayi, m'chipatala konkuno kutauni. M'mawa mwake ndinali nditaima pageti la nyumba yachisoni, envulopu ya kampani ili m'chikwama, ndikukambirana ndi eni magalimoto a hayala. Atamva dzina la mudzi wathu ndi mmene msewu wake ulili, wina anakana, wina anati angatisiye pamsewu waukulu. Amayi a kutchalitchi anali atakhala pansi m'mphepete mwa mpanda, akundiyang'ana. Ine amene ndinatumiza lole kumaliro a anthu ena kwa zaka zonsezo ndinalibe chonyamulira mayi anga, ndipo ndinkadziwa bwino amene anachititsa.

Kenako panaima lole yaikulu ya mchenga. Kumbuyo kwake kunali kosesedwa ndi kutsukidwa, madzi akudonthabe, ndipo kutsogolo kwake kunali nthambi zaziwisi zomangidwa ndi chingwe. Fanuwelo anatsika. Anali atayamba imvi. Sanandipatse moni, anangopita kukathandiza amuna kukweza bokosi, n'kuyala mphasa kuti amayi akhalepo. Onse atakwera anabwera pamene ndinaima n'kutsegula chitseko cha kutsogolo.

"Lole ndi ya yani?" ndinafunsa.

"Ya abwana anga."

"Akudziwa?"

Anandiyang'ana m'maso, koyamba m'zaka zinayi.

"Kwerani, achemwali. Koma ulendo uno musaulembe."

Ndinakwera. Anazimitsa wailesi, ndipo anayendetsa pang'onopang'ono mpaka kumudzi, kuti amayi oimba kumbuyo asagundane mitu.